Akuba Asanu ndi Awiri a Bambo Zuze

Kwa Ndamera, mukatsala pang'ono kufika pa Marka, panalibe amene sankaidziwa pikiapu yoyera ya a Sebastiano Zuze. Bambowa anagwira ukapitawo zaka makumi awiri ndi zinayi ku kampani ya nzimbe, ndipo atapuma, penshoni yonse anaithira m'galimotoyo. Inkanyamula mpunga, chitowe, mbatata ndi nsomba zouma kupita ku Nsanje boma, nthawi zina mpaka ku Bangula. Pobwerera inkatenga simenti ndi malata, pamwamba pake n'kukhala anthu amene minibasi yawasiya. Banja lonse linkadya pa mateyala anayi amenewo.

Mwana wawo wamkazi, Priska, namwino ku Blantyre, ndiye anawadulira inshuwalansi yaikulu, ija imene imalipira ngakhale galimoto itabedwa kapena kuphwanyidwa ndi akuba. A Zuze anaikana poyamba. Anati kulipirira tsoka lisanagwe n'kuliitana ndi likhweru. Koma poti ndalama zake sizinkatuluka m'thumba mwawo, anasiya kulimbana nazo.

Kunena chilungamo, a Zuze anali munthu wamtima wabwino. Mayi woyembekezera akadwala, ankamuthamangitsira ku chipatala osafunsa za mafuta. Nthenda yawo inali imodzi yokha: pakamwa. Mlamba umene anaugwira Lolemba uli ngati chikhatho, pofika Lachisanu unkakhala utatalika ngati mwendo wa munthu wamkulu. Akapha kanjoka ka m'udzu kuseri kwa nyumba, pofika nako pa bawo kankakhala katasanduka nsato yoti inameza kale mbuzi ziwiri.

Tsoka linabwera Lachitatu lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa kuchigwa kuja koti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Anthu ambiri m'mudzimo anali kumaliro kutsidya kwa msewu. A Zuze anali atangofika kuchokera ku boma. Anaimika galimoto pakhomo, n'kuikhoma bwinobwino, makiyi n'kuika m'thumba la thalauza, thalauzalo n'kulikoloweka pa mpanda wa bafa. Atangodzipaka sopo m'mutu, anamva galasi likuti phwaa!

Anasuzumira pakati pa bango. Amuna awiri achilendo anali pa galimoto, wina atagwira chikwanje chonoledwa mbali zonse. Anathyola loko wa chiwongolero, n'kuzula mawaya pansi pake kuti ailize. Galimoto inakana, pakuti inali ndi kaswitchi kobisika pansi pa mpando. Ataona choncho, akubawo anayamba kuikankha kutsetserekera kumsewu.

A Zuze anadzikulunga thaulo n'kutuluka m'bafa liwiro la mtondo wadooka. Koma miyendo ili ndi nzeru zake. M'malo molowera kumene kunali galimoto, inawatengera ku khola la mbuzi, lomangidwa pa nsanja. Anakwera makwerero ngati mnyamata, n'kulowa, n'kudzitsekera.

Amene anapulumutsa galimoto anali akazi awo, mayi Otilia, amene ankachokera kudimba atasenza beseni la kholowa. Ataona zimene zinkachitika, anataya beseni n'kukuwa m'zilankhulo ziwiri nthawi imodzi: "Akubaaa! Mambavaaa!" Khasu analiponya ngati nthungo. Akuba aja analiyatsa liwiro kulowera kumabango. Galimoto, poti inalibe woiwongolera, inatsetsereka yokha mpaka kukadzigunda pa mtengo wa nimu. Boneti linapindika, nyali zinasweka, madzi a mu injini n'kuchucha pansi ngati ng'ombe ikukodza.

Mayi Otilia anafunafuna amuna awo mpaka anaona phazi la sopo likusuzumira pakati pa mitengo ya khola.

"Bambo a Priska, tsikani. Eni malo akufuna kugona."

A Zuze anatsika, zitosi za mbuzi zitamatirira m'mawondo. "Amake Priska," anatero motsitsa mawu, "izi zithere pakati pa ine, inu ndi mbuzizi."

"Ine ndilibe vuto," anayankha mayiwo akutola kholowa wawo. "Mbuzinso sizilankhula. Amene ndikumuopa ndi wachitatuyo."

Mawa lake anapita onse kupolisi. Poti mayi Otilia anakhala pambali pawo, a Zuze ananena zoona: akuba anali awiri, galimoto inali yokhoma, makiyi anali kwa mwini wake, mwini wakeyo anali kusamba. Za khola sanafunsidwe, ndiye sananene. Zomwezo analemba pa fomu ya inshuwalansi imene Priska anawatumizira, n'kuphatikizapo lipoti la apolisi ndi zithunzi.

"Ababa," anatero Priska pa foni, "nkhani yanu ndi yoyera, alipira. Atumiza munthu woti adzaone galimotoyo. Musaisunthe, musaikonze, ndipo chonde, musayankhuleyankhule mpaka atabwera."

"Ine ndimayankhula chiyani?" anafunsa a Zuze modabwa kwenikweni.

Munthu wa inshuwalansiyo anatenga masabata atatu asanabwere, ndipo masabata atatu ndi ambiri kwa munthu amene galimoto yake yakumbatira mtengo m'mphepete mwa msewu. Aliyense wodutsa ankaima. Aliyense woima ankafunsa. Masiku awiri oyamba a Zuze anapirira, akuba n'kukhalabe awiri. Lachisanu anapita ku bawo pa msika wa Marka, kumene anapeza a Paison, mnzawo wa ku nzimbe, amene kuyambira kale ankakonda kuwatokosa.

"Tamva kuti akazi anu ndiwo anathamangitsa akuba," anatero a Paison akutakata nkhomo, osakweza n'komwe maso. "Nanga eni khomo anali kuti?"

Funsolo linawalasa ngati munga wa mthethe. Onse a pa bawo anasiya kusewera. A Zuze anatsokomola, n'kukhala bwino pa benchi.

"Amake Priska anangoona awiri omalizira," anatero. "Enawo ndinali nditathana nawo kale."

Tsiku limenelo akuba anakhala anayi. Loweruka anali asanu, mmodzi ali ndi mfuti. Pofika Lamulungu, potuluka m'tchalitchi, anali atakwana asanu ndi awiri, ndipo nkhani inali itamera nthambi, masamba ndi zipatso. A Zuze anati akubawo anawadziwiratu, pakuti anawatsatira kuchokera ku boma. Choncho anawatchera msampha: zitseko anasiya zosakhoma, makiyi n'kuwasiya dala momwemo ngati nyambo pa mbedza.

"Nanga galasi linasweka bwanji?" wina anafunsa.

"Ndinaliswa ndine, ndi mutu wa mtsogoleri wawo."

"Chiwongolero?"

"Manja awa. Ndinachipotokola polanda, kenako galimoto ndinailunjikitsa dala pa mtengo kuti atatu amene anakwera kumbuyo agwe. Anagwa ngati mapapaya."

A Paison, amene sankakhulupirira ngakhale liwu limodzi, anapukusa mutu ngati ogoma. "Nkhani ngati iyi isathere pano, achimwene. Ijambuleni pa foni, anzathu a ku nzimbe aimve pa gulu lathu lija."

A Zuze anajambula uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi zinayi, ndi maphokoso omwe: kulira kwa galasi, kubuula kwa akuba, kugunda kwa mtengo. Uthengawo unachoka pa gulu la opuma ntchito n'kulowa pa gulu la kwaya, la ogula chitowe, la akabaza. Pasanathe sabata, anthu osawadziwa ankawapatsa moni wa manja awiri. Wogulitsa nyama yootcha anawapatsa chiwindi chaulere. A Zuze anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, ndipo penapake mumtima anayamba kuwakumbukira ndithu akuba asanu ndi awiriwo, nkhope zawo ndi malaya awo.

Mayi Otilia anawachenjeza kamodzi kokha. "Pakamwa panu pakuthamanga kuposa mmene inkathamangira galimoto. Kusiyana kwake n'koti galimoto inali ndi mabuleki."

"Inu za amuna simungazimve," anayankha a Zuze.

Tsiku la mlendo wa inshuwalansi litafika, a Zuze anavala jekete kuyambira m'mawa, thukuta likuyenderera m'msana. Anaitana a Paison ndi anzawo a pa bawo, akulu a mpingo awiri, ndipo ena anangodziitana okha. Onse ankayang'ana kumsewu, kudikira galimoto ya kampani ndi bwana wa tayi. M'malo mwake panaima njinga yamoto ya kabaza, n'kutsika mayi wachitsikana wovala nsapato zansalu, chitenje m'chiuno, chikwama kumsana.

"Mayi, ngati mwabwera kudzaona galimoto, imani uko ndi anzanu," anatero a Zuze. "Tikudikira alendo aulemu."

"Takhuta, baba," anathokoza mayiyo m'Chisena chosalala, akuwomba m'manja. "Ndine Immaculate Fombe, kwathu n'kwa Maseya. Ndine amene mukundidikira."

Ntchito yake ankaidziwa. Anazungulira galimoto kawiri, anajambula chitseko, anagwada n'kuunika mawaya, anayala chitenje pansi n'kulowa kunsi kwa injini. Atatuluka anasamba m'manja, n'kukhala pa mpando umene mayi Otilia anamupatsa, n'kutsegula faelo.

"Bambo Zuze, pa fomu munalemba kuti akuba anali awiri, galimoto inali yokhoma, makiyi munali nawo inu. Zimene ndaona pa galimotoyi zikugwirizana nazo. Koma pobwera kuno ndamva zina. Kondakitala wa minibasi wandiuza nkhani yanu kuyambira pa Bangula mpaka pa Tengani. Mayi wogulitsa zitumbuwa pa boma wandiuzanso. Wa kabazayu ndiye wachita kunditumizira pa foni."

Anadina foni. Mawu a a Zuze anamveka bwalo lonse, amphamvu, okoma: "Makiyi ndinawasiya dala momwemo..." Anthu anamvetsera ngati sanaumvepo. Pofika pa mapapaya paja, anawomba m'manja. A Zuze anamwetulira n'kukonza kolala ya jekete.

Mayi Fombe sanamwetulire. Anawerama pang'ono n'kunena motsitsa mawu: "Baba, tingalowe m'nyumba tikayankhule awiri?"

Limenelo linali khomo lothawira, lotseguka bwino. Koma a Zuze anaona maso onse ali pa iwo.

"Ndilibe chobisa, mwana wanga. Awa ndi anthu anga. Nenani pompano."

"Chabwino. Pangano lanu ndi kampani likuti mwini galimoto akasiya makiyi m'galimoto yosakhoma, kampani silipira. Akaiwononga yekha mwadala, silipira. Akalemba zabodza pa fomu, silipiranso. Tsono pali nkhani ziwiri, zonse zochokera kwa inu. Ine ndikufuna imodzi yoti ndipite nayo. Yoona ndi iti: ya papepala kapena ya pafoni?"

A Zuze anayang'ana galimoto yawo, mphuno yake ili pa mtengo ngati mwana wolangidwa. Anayang'ana akazi awo, amene ankawapukusira mutu pang'onopang'ono. Kenako anayang'ana a Paison. A Paison anali atapinda manja, kumwetulira kuli pakona ya mlomo, ngati munthu amene waona kale kuti nkhomo za mnzake zadyedwa.

Koma a Zuze mumtima anadzilimbitsa: kampani yanzeru ingakane bwanji munthu amene anaipulumutsira galimoto yonse? Akamva za akuba asanu ndi awiri, mwina adzawonjezeranso mphoto.

"Mawu amenewo ndi anga," anatero mokweza, "ndipo Zuze sabweza mawu."

Mayi Fombe analemba, n'kuwawerengera zimene walemba, n'kuwapatsa cholembera. A Zuze anasaina siginecha yaikulu ya ukapitawo, yokhala ndi mchira. Anthu anayambanso kuwomba m'manja.

"Nkhabe! Ayi! Zimenezo ndiye ayi!"

Anali mayi Otilia. Anaimirira, n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Ndakhala chete masabata atatu, koma sindingakhale chete mpunga wa ana anga ukutayidwa m'madzi. Mayi, lembani izi. Akuba anali awiri. Makiyi anali m'thalauza pa mpanda wa bafa. Amene anakuwa ndine, amene anaponya khasu ndine. Ngwazi yanuyi inali umo!" Analoza khola. "Ndi thaulo, sopo ali m'mutu, atadzitsekera pamodzi ndi mbuzi!"

Mitu yonse inatembenukira ku khola. Tonde wina anasuzumira pakati pa mitengo, akubzikula mwaulemu ngati mboni imene ikudikira kuitanidwa. A Paison ndiwo anayamba. Kuseka kunawagwetsa pa benchi, ndipo kunafalikira bwalo lonse ngati moto wa m'munda wa nzimbe. Ngakhale akulu a mpingo anabisa nkhope m'zipewa.

Mayi Fombe anadikira kuti phokoso lichepe. "Mayi, ine ndikukukhulupirirani. Loko wa chiwongolero uja anachita kuthyoledwa, ndaona ndi maso anga. Koma galimoto ili m'dzina la bambo, ndipo mawu omaliza ndi awo." Anatembenukira kwa a Zuze. "Baba, pepala lidakali m'manja mwanga. Ndilembe kuti mwasintha?"

Limenelo linali khomo lachiwiri. A Zuze anaimirira, n'kumanga mabatani a jekete.

"Akazi angawa dzuwa la kudimba lawapweteka mutu. Zimene ndasaina ndasaina."

Kalata inabwera patatha masabata awiri. Inali yaulemu kwambiri, monga zimakhalira kalata zonse zokana. Inawathokoza chifukwa chokhala kasitomala wokhulupirika, inawafunira zabwino zonse, ndipo pakati pa mawu okomawo inanena kuti kampani silipira kanthu. Priska atamva, anangoti pa foni, "Ababa, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

Mvula inagwa galimoto idakali pa mtengo. Alimi amene ankawanyamulira katundu anapeza galimoto ina. Pa bawo a Zuze anasiya kupitapo, pakuti akangotulukira, wina ankalira ngati mbuzi. Pakhomo ndiwo zinayamba kubwerezabwereza, kholowa lero, kholowa mawa.

Mu Januwale a Zuze anameza malovu n'kukwera minibasi ya ku Blantyre kukadandaula. Anawalowetsa mu ofesi yozizira ngati mosungira mitembo, momwe munali bwana wachinyamata wa magalasi. Mmenemo munalibe a Paison, munalibe omvera, choncho a Zuze ananena zoona zonse kuyambira pa sopo mpaka pa zitosi. Bwanayo anamvetsera mwachifundo, kenako anayala mapepala pa tebulo.

"Bambo, apa pali a Zuze a pa fomu. Apa pali a Zuze amene anasaina pamaso pa mudzi wonse kuti fomuyo ndi yabodza, n'kukananso atapatsidwa mwayi wosintha. Lero kwabwera a Zuze achitatu. Mundithandize, tikhulupirire ati?"

"Aleroli," anatero a Zuze.

"Nanga akabwera a mawa?"

A Zuze anatuluka atanyamula chipewa m'manja.

Pobwerera anakhala pakona ya mpando wakumbuyo, chipewa atachikokera kumaso. Minibasi inatsika mapiri mokhotakhota, chigwa chikuonekera pansi ndi Shire wake, ndipo kutentha kunayamba kulowa pa mawindo. Itadutsa pa Thabwa, bambo wina wonenepa wogula ng'ombe, amene anakhala pafupi nawo, anayamba kusangalatsa anthu.

"Munamva za mkulu wina wa kwa Ndamera? Akuba atabwera, anathawira m'khola la mbuzi atavala chitenje cha mkazi wake. Anakhalamo masiku atatu! Chakudya ankalimbirana ndi mbuzi, madeya omwewo. Apolisi pomutulutsa, n'kuti atayamba kale kumera ndevu za tonde."

Minibasi yonse inafa nako kuseka. A Zuze anapirira. Analuma mlomo, anayang'ana panja, anawerenga mitengo ya malambe. Koma bamboyo atawonjezera kuti mkuluyo ankalira "mee" kuti akuba asamuzindikire, chinthu china chinaduka m'kati mwawo.

"Bodza limenelo!" anakuwa. "Sanali masiku atatu, zinali mphindi khumi zokha! Ndipo sichinali chitenje, linali thaulo!"

Wogula ng'ombe uja anatembenuka pang'onopang'ono.

"Inu madala mukudziwa bwanji?"

A Zuze anakokeranso chipewa kumaso. Mayi wina wa mpando wakutsogolo anawayang'anitsitsa, n'kuyamba kufufuza m'chikwama.

"Dikirani," anatero. "Mawu amenewa ndikuwadziwa ine."

Anadina foni, dalaivala n'kutsitsa wailesi. Kuchokera pamenepo mpaka pa Nchalo, a Zuze anakhala phee pakati pa anthu osawadziwa, kumvetsera mawu awo omwe akugwetsa akuba ngati mapapaya. Uthengawo utatha, kondakitala anapempha kuti aubwereze. Ku Nsanje kunali kudakali kutali, ndipo panalibe potsikira.

Akuba aja anangoswa galasi ndi loko, zinthu zoti kampani ikanabweza mosavuta. Zotsalazo a Zuze anaswa okha, osagwira chikwanje, osaponya mwala. Akuluakulu sananame pamene anati: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.